Guluu Asanaume

"Usakhudze! Ndati usakhudze, iwe Towera!"

"Ndangogunda ndi chala chimodzi."

"Chala chimodzicho taona zomwe chachita. Pamwamba pa phiri langa pali chidindo ngati munthu wavota."

"Phiri lako? Anakatola fomuyi m'chibini cha amisiri pa Duke Street, mvula ikumukwapula, ndani?"

"Iweyo. Wandiuza kambirimbiri."

"Ndiye tipente."

"Guluu sanaume."

"Guluu wakoyu adzauma tsiku lobwera Yesu. Kuno ndi ku Glasgow, Eneya. Ngakhale masokosi sauma."

Eneya sanaseke. Anawerama pa tebulo la m'khitchini kwawo kwa Towera n'kuyamba kufafaniza chidindo chija ndi bulashi yonyowa, pang'onopang'ono, kansonga ka lilime kali pakona pa mlomo monga ankachitira nthawi zonse akamagwira ntchito. Towera anayang'ana kalilimeko, kenaka anayang'ana kumbali msanga.

Patebulopo panali chigwa chathunthu. Mapiri awiri, mtsinje wokhotakhota pakati pake, ndi mlatho wopapatiza wolumikiza mbali ziwirizo. Zonsezi anazisema okha kuchokera ku fomu yapinki, ija amisiri amaika m'makoma kuti nyumba isamazizire. Anayamba atangomaliza mayeso awo omaliza a sekondale. Ankadula fomuyo ndi waya wotentha mpaka khitchini yonse kununkha, n'kumata zidutswa pathabwa, china pamwamba pa chinzake, mpaka phiri litakwera. Kuti thanthwe lioneke ngati thanthwe ankadinda fomuyo ndi mwala weniweni womwe Eneya anatola ku Alexandra Park. Mitengo inali ya waya wopota ndi tizidutswa ta siponji. M'mbali mwa mtsinje anawazamo mchenga.

Chigwachi chinali cha nkhondo. Lamulungu lililonse masana, anthu akaweruka ku tchalitchi, kalabu ina imakumana mu holo ya ku Dennistoun, dera lakwawo. Azibambo andevu ndi ana asukulu amafoletsa tiasilikali tapulasitiki patebulo, kuyeza ndi tepi kuti gulu liyende mpaka pati, n'kuponya madayisi kuti adziwe amene wafa. Ambiri amangoyala nsalu yobiriwira, n'kuika mabuku pansi pake kuti akhale mapiri. Towera ndi Eneya analumbira kuti iwo adzabwera ndi dziko lenileni.

Ndipo mawa linali Lamulungu lomaliza. Pakati pa sabata ikubwerayo Eneya ankakwera ndege kubwerera ku Malawi. Ku tchalitchi azimayi ankanong'onezana kuti ndi nkhani ya viza ya amayi ake, omwe amagwira ntchito pa chipatala chachikulu chija cha kufupi ndi Govan. Towera sanamufunse. Nkhani ya mapepala sufunsa munthu, umangomupempherera.

Koma m'mutu mwake anali atakonza kale zonse. Mawa asilikali ake apakavalo adzawoloka mlatho, asilikali a Eneya adzawadikira kutsidya ndi mauta, ndipo zopambana kapena kugonja analibe nazo ntchito. Masewera akadzatha, anthu ena akulongedza, dzuwa likulowa pazenera lalitali la holo n'kugwera pamapiri awo otuwa, iye adzanena. Mawuwo anali atawayeserera m'basi, m'bafa, ngakhale pakati pa ulaliki. M'Chingelezi ankamveka ngati a mufilimu, m'Chichewa ankalemera ngati munthu akufunsira mbeta, koma adzawanena ndithu. Kungoti mawu oterowo sunganene uli pafupi ndi chinthu chapinki chooneka ngati keke ya mwana.

"Tamvera," anatero Eneya, osadzutsa mutu. "Lamulo ukulidziwa. Guluu wosakaniza ndi madzi, paliponse, aume. Kenaka wina, aumenso. Ndiye penti wakuda, ndiye wotuwa, ndiye woyera pang'ono m'nsonga. Ife phiri limodzi lokha ndi lomwe lauma, chigwa ndi phiri linzake tangopaka kumene. Phompho ili ndi mlatho zidakali zamaliseche."

"Tiumitse ndi dilaya ya tsitsi."

"Ngati dzana lija? Mchenga wonse unathera m'shuga wa amayi ako."

"Nanga titani? Mawa ndi mawa."

"Tikangosewera pansalu ngati anthu ena onse."

Ananena mopepuka, ngati akunena za kusintha basi.

"Pansalu? Miyezi yonseyi, zala zanga zopsa ndi waya izi, iwe ukuti pansalu?"

"Udzachimaliza bwinobwino ndikapita. Udzanditumizira chithunzi."

"Chithunzi! Ndidzasewera ndi ndani, ndi Brown wa ku kalabu uja amanyambita madayisi?"

"Brown ndi munthu wabwino."

"Ndiye umukwatire."

Chitseko chakutsogolo chinalira. Analowa bambo ake a Towera, jekete ya ku ntchito ili paphewa, akununkha chitsulo chowotcha. Amawotcherera zitsulo kumalo opangira zombo ku Govan, ndipo Loweruka lina amagwira mpaka masana. Eneya anaika bulashi pansi, anaimirira bwino, manja pamodzi.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, kaya inu a injiniya? Dziko lanu lija lidakali lapinki?" Anaponya jekete pampando. "Ine sabata yonseyi ndikudyera pamiyendo ngati ndili pamaliro. Tebulo langa linalandidwa ndi atsamunda. Nanga phokoso ndalimvera pamasitepe lija ndi la chiyani? Nkhondo yayamba asilikali asanafike?"

"Ndi nthawi, adadi," anatero Towera. "Tikufuna tipite nacho mawa, koma kupenta kumachedwa."

Bambowo anayandikira tebulo. Anatola bulashi ya Eneya, kuizunguza pakati pa zala zawo zikuluzikulu.

"Kupenta ndi aka? Kotsukira mano a mphaka aka? Ana inu mudzakalamba pano." Anayang'ana mapiri aja nthawi yaitali, mutu uli chopendekera. "Komatu mwasema bwino. Phompho ili likundikumbutsa njira yokwera ku Livingstonia. Mukufuna mtundu wanji?"

"Wotuwa, ngati mwala."

"Basi? Tadikirani."

Anatsegula kabati ya pansi pa sinki, anasuntha mabotolo a sopo, n'kutulutsa chitini chachitali cha penti wopopera, uja anagulira dzimbiri la pachitseko cha galimoto yawo. Chivindikiro chake chinali chotuwa ndendende ngati mwala.

"Ku ntchito kwathu chombo chimaposa tchalitchi kukula, koma simudzaona munthu atagwira kabulashi. Amapopera. Uyu amauma musanamalize kumwa tiyi."

Eneya anayang'ana Towera. Towera anadziwa zomwe maso akewo ankanena, chifukwa aliyense ku kalabu amazidziwa, ndi chinthu choyamba chomwe amakuuza tsiku lomwe wagwira fomu: penti wa m'chitini amadya fomu yosapakidwa guluu. Koma Eneya anali mlendo m'nyumbamo, ndipo mlendo, wachichepere ngati iye, sangauze mwini nyumba kuti akulakwa. Mawuwo ankayenera kuchokera kwa mwana wawo.

Towera anatsegula pakamwa. Chitulukireni zotsatira za mayeso, zomwe sizinali zabwino, iye ndi bambo ake ankangolankhulana za makiyi ndi za mkaka. Chigwacho ankachitcha zidole. Lero ndi pomwe anachiyang'ana koyamba, ndipo nkhope yawo inali yowala ngati ya mwana amene waloledwa kulowa m'masewera a anzake. Awauze kuti sakudziwa, Eneya ali pomwepo akumva?

"Adadi, mwatopa," anatero. "Bwanji mupume kaye, ndikuikireni madzi a tiyi?"

Tsiku lina lililonse akanamva kuti mwana akukana. Lero sanamve.

"Tiyi tidzamwa ntchito ikatha."

"Bambo," anayesa Eneya, mawu ali pansi, "mwina penti ameneyo ndi wamphamvu pang'ono."

"Ndiye wabwinoyo! Wofooka ndi wa chiyani? Nyamulani, tipite panja, amayi anu angatiphe ndi fungo."

Ndipo pansi pa mtima wa Towera panali kamawu kena, kakang'ono, kouma mutu. Kankati mwina anthu a ku kalabu amakokomeza. Mwina akapopera patali, mopyapyala, sichichitika kanthu. Mwina pofika madzulo mapiri akhala atatuwa, mawa n'kukhala monga analikonzera. Anagwira mbali imodzi ya thabwa. Eneya anamuyang'ananso kamodzi, kenaka anagwira mbali inayo.

Anatsika nacho masitepe amiyala mosamala ngati anyamula wodwala, bambo ali patsogolo kutsegula zitseko. Kuseri kwa nyumba kunali zingwe zoyanikira zovala, udzu wonyowa, ndi mabini a anthu onse a m'nyumbayo atandandalikidwa kukhoma. Anaika thabwalo pamwamba pa mabini awiri. Kumwamba kunali kotuwa, koma mvula inali isanayambe.

Bambo anakwinya manja a malaya. Anagwedeza chitini, kachitsulo ka m'kati kakulira khetekhete, anayesa kamodzi m'mwamba, kenaka anayamba. Dzanja lawo linkayenda bwino, kuchoka kumanzere kupita kumanja osaima, kubwerera, kutsika pang'ono. Upinki unayamba kuzimirira.

Ming'alu yonse yomwe anadinda ndi mwala uja inatulukira. Phompho linasanduka phompho lenileni, lozizira, loopsa, loti munthu angagweremo. Mlatho unaoneka ngati unamangidwa kalekale ndi anthu omwe anafa onse. Chinali chokongola kuposa momwe ankachionera m'maloto.

"Eneya, taona! Taona!"

"Mwaonatu?" anatero bambo, akuseka. "Mukanakhala mudakali ndi kabulashi."

Eneya anali atapendeketsa mutu ngati akumvetsera kanthu. Kenaka Towera nayenso anakamva, kaphokoso kakang'ono ngati ka botolo la chakumwa cha Irn-Bru longotsegulidwa kumene.

Kanachokera paphompho. Poyamba panatuluka timabowo ngati ta buledi. Timabowoto tinakula, tinalumikizana, ndipo thanthwe lonse linayamba kulowa m'kati ngati tsaya la munthu wopanda mano. M'mphepete monse mosongoka munafewa n'kupindika. Pomwe guluu anali asanaume penti anamung'amba, n'kulowa pansi pake, mchenga wa m'mbali mwa mtsinje n'kuyamba kutsetsereka.

"Pafunika wina pamwamba," anatero bambo mofulumira, n'kupoperanso paphomphopo, pafupi, mochuluka, kuti atseke mabowowo. Chala chawo chisanachoke pachitini, mlatho unapindika pakati. Unalendewera kanthawi, ukutuluka tiulusi tonanda, kenaka unagwera mumtsinje. Mitengo iwiri ya m'mbali inawerama n'kugona.

Chitini chinasiya kulira. Fungo lake linali lolasa m'mphuno.

"Towera, chikuchitika n'chiyani?"

"Penti wa m'chitini amadya fomu, adadi."

"Amadya?"

"Eya."

"Umadziwa?"

Towera anayang'ana udzu.

"Nawenso mnyamata, umadziwa?"

Eneya anayang'ana nsapato zake.

"Ndiye bwanji osandiuza?"

Pazenera lina la m'mwamba mayi wina wachizungu anasuzumira, anaona anthu atatu ataimirira mozungulira mabini, n'kutseka katani. Bambo anatembenuza chitini n'kuyamba kuwerenga timalemba ta kumbuyo kwake, milomo ikugwedezeka, ngakhale magalasi awo anali atawasiya m'jekete. Kenaka anachivindikira bwinobwino. Anatambasula dzanja ngati akufuna kuwongola mtengo umodzi wogwa uja, koma analibweza lisanafike.

"Ndikagule tchipisi," anatero. "Mwina muli ndi njala."

Anadutsa pakhomo lakuseri pang'onopang'ono, chitini chili m'manja, msana utawerama kuposa momwe unalili pobwera.

Kamvula kanayamba, kaja ka ku Glasgow kosagwa koma kongoyandama. Chigwa chinali chidakali kulira pansipansi. Phiri limodzi lokha, lomwe guluu wake anali atauma, ndi lomwe linaima bwino, lotuwa, lokongola, pakati pa zinthu zosungunuka.

"Tikhoza kukonza," anatero Towera. Mawu ankatuluka mothamanga. "Kuchipinda kwanga kwatsala fomu. Tidule pomwe padyekapa, timate ina. Kapena tingonena kuti ndi dziko lopsa, kunagwa moto kuchokera kumwamba, anthu amapanga zoterozo dala. Mlatho tipanga wa timitengo ta ayisikirimu. Sitigona, tigwira mpaka kuche."

"Towera."

"Guluu tiika pafupi ndi hita. Tiyatsa uvuni n'kutsegula chitseko chake."

"Towera, chatha ichi."

"Sichinathe!"

"Taona thabwa lomwe. Madzi alowa kale."

"Iwe sukumva chisoni n'komwe. Waimirira apo ngati wagwetsa bisiketi."

"Ndikumva." Anagwira nsonga ya phiri lotsala lija ndi chala, n'kuchichotsa chili ndi penti. "Phiri ili ndinalisema sabata yathunthu. Ndikumva. Koma adadi ako ndi amene ndikuwamvera chisoni kwambiri."

"Ukanawauza iweyo."

"Ine? M'nyumba mwawo?"

"Ndiye ukanandiponda phazi, kaya kundikoka, kaya chiyani."

"Ndinakuyang'ana."

"Kuyang'ana! Iwe ntchito yako ndi kuyang'ana basi. Akukuchotsa m'dziko muno, iwe ukungoyang'ana."

Eneya anapukuta chala pa buluku lake. Towera anaona kuti wafika pomwe samayenera kufika, koma sanathe kubwerera.

"Anthu amalimbana nazo zinthu izi, Eneya. Samangolongedza. Abusa akhoza kulankhula ndi akuluakulu. Amayi ake a mnzanga Eilidh amadziwana ndi loya wa nkhani zomwezi. Suja anthu a ku Pollokshields anazungulira galimoto ya boma tsiku lonse mpaka anthu ogwidwa chifukwa cha mapepala anamasulidwa? Munthu wina anagona pansi pa galimotoyo. Ine ndingagone. Ukuseka? Ndingagone ndithu, ngakhale pamsewu wa ndege."

"Sindikuseka."

"Ndiye bwanji sukuchita kanthu? Bwanji amayi ako sakupempha thandizo? Tchalitchi chonse chikudziwa, aliyense akungodikira kuti mutsegule pakamwa."

"Tchalitchi chikudziwa chiyani?"

"Za viza."

Eneya anatulutsa mpweya wautali. Timadontho ta mvula tinali titadzaza tsitsi lake ngati mikanda. Towera anaganiza kuti sanamuonepo akuoneka bwino chotere, ndipo zinamukwiyitsa. Holo kulibe, dzuwa kulibe, akavalo ali m'bokosi pansi pa bedi. Pali mabini ndi thaulo la munthu wina likudontha pachingwe. Mawu onse omwe anayeserera anathawa, anatsala ochepa okha, osakonzeka.

"Sindikufuna upite," anatero. "Ndi zomwe ndimafuna kukuuza mawa. Osati choncho, ndinakonza bwino, koma ndi zomwezo. Sindikufuna upite. Chigwachi ine ndinalibe nacho ntchito kwenikweni, ngakhale madayisi amandibowa. Ndimafuna uzibwera."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa?"

"Kuyambira kale."

Towera anadikira. M'maloto ake apa ndi pomwe Eneya ankayandikira. Koma Eneya anaika manja m'matumba, n'kuyang'ana makoma ofiira omwe anawazungulira mbali zonse, mazenera pamwamba pa mazenera, ndi kachidutswa ka thambo kotuwa komwe kanatsala pamwamba pake.

"Ukanakhala wina ndikanangokusiya uzikhulupirira za ku tchalitchizo," anatero. "N'zosavuta. Aliyense amakumvera chisoni, palibe amakufunsa mafunso."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Viza ya amayi ilibe vuto, Towera. Amayi sakupita kulikonse, ntchito yawo ilipo. Ndikupita ndekha, kwa amalume ku Zomba."

"Akukutumiza? Chifukwa cha mayeso?"

"Mayeso ndinakhoza. Malo ku koleji anandipatsa, ndinawakana. Amayi analira mwezi wathunthu, mpaka pano sakundilankhula bwino. Zoti ndi viza anayambitsa ndi anthu, iwo anangokhala chete chifukwa cha manyazi." Anatulutsa dzanja limodzi m'thumba, kupukuta madzi kumaso, ndipo kwa nthawi yoyamba masana onsewo anamuyang'ana osaphethira. "Palibe akundithamangitsa. Ndinapempha ndine. Chifikireni kuno ndimadzuka m'mawa uliwonse ndikudikira kuti ndizolowere, ndipo sindikuzolowera. Iwe ndiwe chinthu chabwino chokha chomwe ndapeza mumzinda uno, koma sizikukwanira. Usagone pansi pa galimoto iliyonse. Ndikufuna kupita kwathu."